Momwe mungamwere cipro kuti akuchizeni osakuvulazani

Cipro wasanduka mankhwala a aliyense. M'mimba mukangobwata pang'ono, munthu amathamangira kufamase, nagula mapiritsi anayi, kumwa awiri, otsalawo n'kusunga m'kabati kudikira tsiku lina. Dzina lake lonse ndi ciprofloxacin, ndipo ndi wa m'banja la mankhwala opha mabakiteriya (maantibayotiki) otchedwa quinolone, limodzi ndi levofloxacin, moxifloxacin, ofloxacin ndi norfloxacin. Kholo lawo ndi nalidixic acid, amene George Lesher ndi anzake anamutulukira mu 1962 ali pa ntchito yopanga chloroquine, yemwe uja wa malungo ankatiyabwitsa thupi lonse. Cipro anabwera pambuyo, cha mu 1987, kuchokera ku kampani ya Bayer ya ku Germany.

Kuti bakiteriya aswane, amayenera kumasula ulusi wa DNA yake, womwe ndi wopotana ngati chingwe cha khonje. Ali ndi tizipangizo tiwiri, DNA gyrase ndi topoisomerase IV, timene timadula ulusiwo, kuuwongola, n'kuulumikizanso. Cipro amatigwira pamene tadula koma tisanalumikize, ulusi n'kutsala zidutswazidutswa, kachilombo n'kufa. Mavairasi a chimfine sagwiritsa ntchito tizipangizo timeneti, choncho kumwera cipro chimfine n'kungotaya ndalama.

1. Akulembereni ndi achipatala

Cipro amagwira bwino pa kamwazi, tayifodi, matenda ena a m'chikhodzodzo ndi impso, komanso zilonda zina za kumaliseche. Kutsegula m'mimba wamba, kopanda magazi, kumafuna thanzi ORS ndi madzi, osati cipro. Pa chinzonono, tizilombo tambiri tinamuzolowera kale, moti mukhoza kumwa cipro koma kumaliseche n'kumatulukabe mafinya.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chifuwa. Mankhwala a m'banjali amafooketsako tizilombo ta TB, ndipo levofloxacin ndi moxifloxacin ndi ena mwa mizati ya chithandizo cha TB yosamva mankhwala. Munthu wa chifuwa chachikulu akamwa cipro masiku angapo amapezako bwino, amachedwa kukayezetsa makhololo, kwinaku akupatsira am'nyumba, ndipo tizilomboto tikuphunzira kupirira mankhwala amene akanadzamupulumutsa. Mwatsokomola milungu iwiri? Kayezetseni kaye.

2. Ululani zonse musanalandire mapiritsi

Tengani kabuku ka kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa. Adokotala kapena a kufamase awuzeni ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, ngati muli ndi khunyu, shuga, vuto la impso kapena la mtima, ndiponso ngati munavutikapo ndi cipro m'mbuyomu. Mwana sapatsidwa mankhwalawa pokhapokha achipatala ataona kuti palibe njira ina yabwino.

Pali mankhwala amene sagwirizana naye. Prednisolone ndi anzake amawonjezera ngozi yoti mtsempha wolumikiza mnofu ndi fupa uduke, makamaka kwa amene apitirira zaka 60. Aminophylline kapena theophylline wa mphumu amachulukana m'magazi chifukwa cipro amachedwetsa chiwindi kumuphwanya. Warfarin, woletsa magazi kuundana, akakumana ndi cipro amatha kuchititsa magazi kutuluka osaleka. Glibenclamide wa shuga amatha kutsitsa shuga mopitirira. Brufen ndi diclofenac, omwe ambiri timawameza ngati chiponde cha ululu uliwonse, amawonjezera mpata wokomoka ndi kuphupha. Ngati mukumva ululu, funsani za panado.

3. Sankhani maola, ndipo mkaka udikire

Apa ndi pamene ambiri amaphonya osadziwa. Kawirikawiri wamkulu amapatsidwa 500 mg kawiri pa tsiku, ngakhale mlingo ndi masiku zimatengera matenda. Kawiri pa tsiku n'kutanthauza maola 12 pakati: mukamwa 6 koloko m'mawa, winayo ndi 6 koloko madzulo. Ikani alamu pafoni. Mezani piritsi ndi kapu yodzaza ya madzi, osalitafuna, chifukwa limawawa zedi. Mukhoza kumwa mutadya nsima kapena musanadye.

Vuto lili pa calcium, magnesium, aluminium, iron ndi zinc. Zinthu zimenezi zikakumana ndi cipro m'mimba zimamumata n'kupanga chibuluma chomwe matumbo sangachiyamwe. Piritsi mwameza ndithu, koma gawo lalikulu limangodutsa n'kukathera kuchimbudzi. Ndiye musatsitsire piritsi ndi mkaka, chambiko kapena yogati. Mankhwala oyera aja a chilungulira ndi zilonda za m'mimba, monga magnesium trisilicate, ndiwo amawononga kwambiri. Chimodzimodzinso mapiritsi owonjezera magazi a ferrous sulphate, zinc, ndi mavitamini osakaniza omwe amagulitsidwa m'mabotolo. Lamulo lake ndi ili: imwani cipro maola awiri musanamwe zimenezi, kapena maola 6 mutazimwa. Chitsanzo, ngati cipro ndi wa 6 koloko m'mawa, owonjezera magazi mumwe pakati pa 8 koloko ndi 12 koloko masana, kuti pofika madzulo akhale atachoka m'njira.

Mukaiwala, onani nthawi. Ngati kwatsala maola 6 kapena kuposa kuti mumwe wotsatira, imwani pompo. Ngati kwatsala ochepa, dumphani. Musameze awiri pakamodzi pofuna kubweza ngongole.

4. Masiku amenewa thupi lisamalidwe

Imwani madzi ambiri kuti impso zisavutike. Chepetsani khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zija zopatsa mphamvu, chifukwa caffeine amakhalitsa m'thupi, mtima n'kumagunda ndi tulo n'kusowa. Khungu limapsa msanga ndi dzuwa, choncho valani chipewa ndi malaya a manja aatali, makamaka anzathu achialubino.

Ntchito zolemetsa miyendo zipume kaye ngati n'kotheka. Ndikudziwa kuti kuuza wakabaza kapena mayi amene ali pakati popalira kuti apume n'kovuta, koma mpira wa Loweruka wokha ungathe kudikira. Ngati mukumva chizungulire, musayendetse galimoto kapena njinga yamoto.

5. Dziwani pamene muyenera kusiya

Nseru, kupweteka mutu pang'ono ndi chimbudzi chofewa zimachitika ndipo zimatha. Koma zina ndi zoti musiye kumwa nthawi yomweyo n'kupita kuchipatala. Choyamba ndi ululu kapena kutupa kwa mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene, kapena wa paphewa. Ululuwu ukhoza kuyamba pasanathe masiku awiri, kapena patapita miyezi mutamaliza mankhwala, ndipo mtsemphawo umatha kuduka. Mwendowo musauponderenso mwamphamvu. China ndi dzanzi, kubaya ngati singano kapena kutentha m'manja ndi m'mapazi, komwe kwa ena sikuthanso. Onjezanipo kusokonezeka mutu, mantha osadziwika chiyambi, maganizo ofuna kudzipha, kukomoka, mtima kugunda mosalongosoka, kutupa milomo ndi kubanika, maso achikasu, kutsegula m'mimba kwa madzi kapena magazi kosaleka, ndi ululu waukulu wadzidzidzi pachifuwa, kumsana kapena m'mimba.

Izi si zongoopseza. Bungwe loyang'anira mankhwala la FDA ku America linaika chenjezo lalikulu la mitsempha pa mankhwalawa mu 2008, ndipo mu Januwale 2024 bungwe linzake la MHRA ku Britain linanena kuti aziperekedwa pokhapokha maantibayotiki ena ozolowereka sangathandize. Bungwe la WHO nalo linaika cipro m'gulu la Watch, la mankhwala oyenera kugwiritsidwa ntchito mosamala chifukwa tizilombo timawazolowera msanga.

6. Malizani masiku amene analembedwa

Ngati palibe chizindikiro choopsa, malizani mlingo wonse ngakhale mutapeza bwino tsiku lachitatu. Ku Blantyre, kuyambira cha mu 2011, kunafalikira tayifodi wosamva chloramphenicol, amoxicillin ndi bactrim, ndipo cipro ndi mmodzi mwa ochepa amene anatsala oti munthu angamwe ali kunyumba. Katemera wa tayifodi amene boma linayamba kupereka kwa ana mu 2023 amachepetsa odwala, koma wodwala kale amafunabe mankhwala ogwira ntchito.

Ngati patha masiku atatu thupi likutenthabe kapena matenda akukula, bwererani kuchipatala m'malo mowonjezera mlingo panokha. Kumene kuli labu, amatha kuyeza magazi kapena mkodzo n'kuona mankhwala amene kachilomboko kakuwamva. Mapiritsi otsala musagawire mnansi kapena kusungira mwana. Abwezeni kufamase kapena kuchipatala komwe munawatenga.