Kompuresa ndi ana: chenjezo kwa omata matayala ndi eni magalaja

Inu amene muli ndi kompuresa, kaya mumamata matayala m'mbali mwa msewu, mumapenta galimoto kapena ndinu akalipentala, dziwani kuti mpweya wa m'makinawa umang'amba matumbo ukalowa kumatako. Kawirikawiri zimachitika pa chibwana: mnyamata waloza mnzake paipi kumbuyo kuti amudzidzimutse, kapena akumukuntha fumbi pa kabudula.

Tayala la galimoto yaing'ono timalipopa psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya) pafupifupi 30 mpaka 35, ndipo m'thanki ya kompuresa mpweya umatha kupitirira psi 100. Mu 1931 dokotala wina dzina lake Burt anapeza kuti thumbo la munthu limang'ambika pa psi pafupifupi 4 basi. Paipi siichita kufika pakhungu ayi. Mpweya umadutsa m'zovala n'kulowa m'kanthawi kochepa kwambiri, ndipo malo amene amaphulika kawirikawiri ndi kumunsi kwa thumbo lalikulu, pamene limapindika lisanafike potulukira chimbudzi.

Thumbo likang'ambika, mpweya ndi chimbudzi zimakhuthukira m'mimba. Mimba imatupa mwadzidzidzi, imalimba, mwana amamva ululu woopsa ndipo amabanika chifukwa mpweyawo ukukankha mapapo. Ena amatuluka magazi kumatako. Chovuta n'chakuti mwana amachita manyazi, mnzake amaopa kukwapulidwa, ndiye onse amabisa. Mimba ya mwana ikatupa mwadzidzidzi pamene anali kusewera pagalaja, mufunseni mofatsa, osamuopseza.

Zikachitika, thamangirani naye kuchipatala cha boma kapena cha mishoni kumene amachita opaleshoni, ngakhale akuoneka ngati ali bwino. Musamupatse chakudya, madzi kapena mankhwala azitsamba. Musamusisite pamimba kuti mpweya utuluke, musayerekezenso kumupatsa mankhwala otsegula m'mimba. Mukafika, auzeni adokotala mosabisa kuti ndi mpweya wa kompuresa, chifukwa mawu amenewo ndi amene amawafulumizitsa. Nthawi zina amasoka pong'ambikapo kapena kudula chigawo cha thumbo, ndipo mwana angakhale miyezi akuchitira chimbudzi m'kathumba kapamimba. Kuchedwa kumabweretsa mafinya m'mimba, ndipo kumapha.

Kunena zoona, udindo waukulu uli kwa inu eni malo, osati kwa ana. Mukamachoka, ngakhale kungopita kukadya nsima, tsekani valavu ndipo mupachike paipi pamwamba pomwe mwana sangafike. Poweruka zimitsani makina, mutulutse mpweya wonse m'thanki. Chizolowezi chodzikuntha utuchi kapena fumbi ndi paipi chilekeni inu nomwe, pakuti ana amatengera zimene aona, ndiponso mpweyawo umawononga maso ndi makutu. Gwiritsani ntchito bulashi kapena nsalu. Mnyamata watsopano wophunzira ntchito muuzeni tsiku loyamba kuti paipi salozera munthu, ndipo ana obwera kudzapopetsa mpira kapena njinga aziima patali, muziwapopera inuyo.