Momwe mungaonetsere ophunzira kupindika kwa kuwala kwa quasar ndi tambula yomwera vinyo

M'chaka cha 1979, Dennis Walsh, Robert Carswell ndi Ray Weymann anaona ma quasar awiri (quasar ndi phata lowala kwambiri la mlalang'amba wakutali zedi) oyandikana kwambiri pa telesikopu ya ku Kitt Peak, ku Arizona, ndipo atapima kuwala kwake anapeza kuti ndi quasar imodzi yomwe ikuoneka pawiri. Pakati pa ife ndi quasar imeneyo, yotchedwa Q0957+561, pali mlalang'amba waukulu womwe mphamvu yake yokoka imapinda kuwala, kotero kuwalako kumatifika kudzera njira ziwiri. Chinthu chotere simungachione ndi telesikopu yaing'ono, makamaka kuno ku Mzuzu komwe mitambo ndi chifunga sizisowa, koma mungachionetse m'kalasi ndi tambula imodzi.

Choyamba pezani tambula yagalasi yomwera vinyo, ya mwendo wautali. Chimene mukufuna ndi phazi lake lokha, choncho musataye ndalama pogula seti yatsopano m'sitolo. Yothyoka pakamwa ikukwanira, ndipo kumalo odyera ena amangokupatsani. Mukapita kumsika, igogodeni ndi chikhadabo musanalipire, chifukwa ogulitsa ena amakuumirizani yapulasitiki ponena kuti ndi galasi.

Phazilo liyang'anitsitseni, poti apa ndi pomwe ntchito yanga inaonongekera poyamba. Ndinagula tambula yokongola ya phazi lathyathyathya lokhala ndi maluwa ogoba, ndipo kadontho ka papepala komwe ndimayang'ana kudzera m'phazilo kanangobalalika popanda kupanga chilichonse chozindikirika. Phazi loyenera ndi losalala, lopyapyala m'mphepete ndipo limanka likunenepa pang'onopang'ono mpaka pomwe likumana ndi mwendo. Kunenepa kumeneku ndiko kumachititsa kuti kuwala kodutsa pafupi ndi pakati kupindike kwambiri kuposa kodutsa m'mbali, monga zimachitikira pa mlalang'amba. Galasi lokulitsira zilembo silingagwire ntchitoyi chifukwa limapinda kwambiri kuwala kwa m'mphepete.

Lembani mzere pamwendo ndi tupa, kulungani tambulayo m'nsalu n'kuthyola, kenaka phimbani pothyokapo ndi tepi.

Papepala loyera jambulani kadontho kakuda kakang'ono, komwe kakuimira quasar. Gwirani phazilo pamwamba pa pepala, tsinzinani diso limodzi, ndipo muyendetse mpaka diso, pakati pa phazi ndi kadontho zikhale pamzere umodzi. Kadontho kaja kasanduka mkombero, womwe akatswiri amautcha mphete ya Einstein. Mukasuntha pang'ono, mpheteyo iduka n'kukhala timauta tiwiri, ngati quasar ya 1979 ija. Mukapendeketsa phazilo moleza mtima mutha kupeza madontho anayi, ofanana ndi Einstein Cross, quasar ina yomwe imaoneka panayi mu gulu la nyenyezi la Pegasus.

Kuchedwa kwa kuwala kokha ndiko tambula singaonetse, choncho kulembeni pabolodi: Q0957+561 ikasintha kawalidwe, chithunzi chimodzi chimaonetsa kusinthako masiku pafupifupi 417 chinzake chisanatero, poti kuwala kumatenga nthawi yosiyana pa njira ziwiri zija.