Kusankha preamp ya mavalavu kuno ku Joni

Loweruka lapitali achimwene ena a ku Rosettenville anandiitana kuti ndikamve preamp (kabokosi kolandira mawu asanapite ku amplifaya) ya mavalavu (timababu ta galasi tokuza mawu) yomwe anagula kwa munthu wina wosamuka. Inali yokongola ndithu, koma kumbuyo kwake kunalembedwa 120V. Imeneyo inapangidwira magetsi a ku America, pomwe athu kuno ku Johannesburg ndi 230V. Mwamwayi anali asanailumikize. Ndiye musanamve n'komwe kulira kwake, tembenuzani bokosilo muwerenge kumbuyo. Ikakhala ya 120V mufunikanso thiransifoma yotsitsa magetsi.

Kenako dzifunseni chimene mudzalumikizeko. Ntchito ya preamp ndi kusankha kumene nyimbo ikuchokera, kukweza kapena kutsitsa mawu, n'kuwapereka kwa amplifaya. Ife oimba mbale za galamafoni timafuna yokhala ndi phono (gawo lokuza mawu a singano) mkati, chifukwa mawu ochokera ku singano ndi ofooka kwambiri. Katiriji (kachipangizo konyamula singano) ya mtundu wa MM imatulutsa pafupifupi mamilivoti asanu (5mV), pomwe ya mtundu wa MC nthawi zambiri sifika ngakhale 1mV, ndipo phono ya MM yokha singaikwanitse. Ngati mumangoimba CD, ndalama za phono zisungeni.

Pali nambala imodzi imene ambiri amailumpha: impedance, muyeso wa mmene chipangizo chimapingira magetsi polowera mawu (input) kapena potulukira (output). Input impedance ya amplifaya yanu ikhale yoposa output impedance ya preamp kakhumi kapena kupitirira. Ma preamp ena a mavalavu amakhala ndi output impedance yokwera, ndipo mukawalumikiza ku amplifaya ya input impedance yotsika ngati 10k (ma ohm 10,000) besi imaonda. Munthu amayamba kuimba mlandu mavalavu pomwe vuto lili pamenepa.

Tsopano mavalavuwo. ECC83 ndi 12AX7 n'chinthu chimodzi, dzina loyambalo ndi la ku Ulaya, linalo la ku America. ECC83 imakuza mawu ka 100, mitundu ina mochepera: ECC81 ka 60, ECC82 osapitirira ka 20. ECC88 nayo ili ndi miyendo isanu ndi inayi ndipo imalowa pasoketi yomweyo, koma mawaya ake otenthetsera ndi osiyana. Musaiike m'malo mwa ECC83.

Akale amene anthu amawasakasaka ndi Mullard wa ku fakitale ya Blackburn ku England, Amperex wopangidwa ndi Philips ku Heerlen, ndi Telefunken wa ku Germany. Telefunken weniweni amakhala ndi kachizindikiro ka dayamondi koumbidwa m'galasi pansi, pakati pa miyendo. Zolemba za penti aliyense angadinde, choncho ine ndimayang'ana pansipo. Dziwaninso kuti Mullard watsopano wa m'sitolo amapangidwa ku Saratov ku Russia. Si woipa, koma musamulipire mtengo wa Blackburn. Mkati mwa galasi chakumwamba muzioneka siliva wonyezimira. Mukayera ngati ufa, mpweya unalowa ndipo valavuyo yafa.

Pofananiza ndimachita chonchi. Ndimazimitsa, kuzula pulagi, n'kudikira mphindi khumi, chifukwa mkatimo mumakhala mavoti 250 kapena kuposa ndipo makapasita amasunga moto. Ndimagwira galasi lokha. Ndimasintha valavu ya malo amodzi, zina zonse zikhale momwemo, kenako ndimaisiya itenthe mphindi 20.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: mawu akhale ofanana kukwera kwake. Khutu limakonda chimene chakwera pang'ono, n'kumati ndicho chokoma. Ndimaika kamvekedwe ka 1kHz, ndimapima mavoti ndi multimeter (kachipangizo kopimira magetsi) kumbuyo kwa sipika, ndipo valavu iliyonse ndimaibweretsa pa nambala yomweyo. Ndimamvera nyimbo zitatu zokhazokha: kwaya ya amayi yakumudzi, gitala imodzi yopanda zina, ndi ina ya ng'oma zolemera. Mnzanga wa ku Yeoville ndiye amasintha mavalavu ine nditatembenuka, n'kundiuza mayina pamapeto.

Titayesa motero, kusiyana kunachepa kuposa mmene ndinkaganizira, koma kunalipo. Pa Mullard mawu a amayi aja anali onenepa, ngati aima pafupi nane. Telefunken inaonetsa nsambo iliyonse ya gitala payokha, yosawonjezera kalikonse. JJ yatsopano ya ku Slovakia, yotchipa kutalitali, inagwira ng'oma molimba mpaka ndinaisankha kawiri ndisakudziwa kuti ndi iyo. Mullard wina tinamutaya pa mpikisano: nditagogoda galasi pang'ono ndi pensulo, sipika inalira ngati belu. Wotere sayenera pa phono.

Kwa ine ndasiya Telefunken pa phono ndi JJ kwinako. Achimwene a ku Rosettenville aja ndawabwereka Mullard wabwinoyo kwa mwezi umodzi, chifukwa masipika awo ndi owuma mawu. Ndawauzanso kuti magetsi akathima azizimitsa makinawo asanabwere, ndipo mitambo ya dzinja ikayamba kuda masana azizuliratu pulagi pakhoma, pakuti mphezi za kuno sizisiya kanthu.