Nambala yaikulu pa foni sitanthauza kuti foniyo ndi yatsopano

Kuyambira pamene misika ya soya, mtedza ndi fodya idatsegulidwa nyengo ino, ndakhala ndikuona cholakwika chimodzi chikubwerezedwa m'makalabu a alimi omwe ndimayendera, ndipo chandivutitsa mtima kotero kuti ndaganiza zosiya kaye nkhani ya nkhokwe ndi anankafumbwe kuti ndilembeko za mafoni. Mlimi akangolandira ndalama za mbewu zake amakwera galimoto kupita ku tauni kukagula foni yamakono, ndipo zimenezi n'zabwino, popeza ifeyo alangizi ndi amene timalimbikitsa kuti kalabu iliyonse ikhale ndi anthu omwe angathe kulandira uthenga wa zanyengo, kufunsa mitengo ya mbewu, kutumiza chithunzi cha ntchemberezandonda pa WhatsApp komanso kulandira malipiro pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Vuto likuyamba mlimiyo akafika pamalo ogulitsira, chifukwa akumangoyang'ana nambala yomwe ili pa dzina la foni n'kusankha yaikulu kuposa zonse, poganiza kuti nambala yaikulu ndiyo foni yatsopano komanso yamphamvu.

Chomwe chikundidabwitsa n'chakuti alimi omwewa amadziwa bwino kuti nambala za pa katundu siziwerengedwa motero. Palibe mlimi wa chimanga yemwe angakuuzeni kuti SC 719 ndi mbewu yabwino kuposa SC 403 chifukwa chakuti 719 ndi yochuluka. Aliyense amadziwa kuti 4 yakumayambiriro kwa SC 403, yomwe timaitcha Kanyani, ikunena za mbewu yocha msanga, 6 ya SC 627, yomwe timaitcha Mkango, ikunena za mbewu yapakatikati, ndipo 7 ya SC 719, yomwe timaitcha Njovu, ikunena za mbewu yochedwa kucha yomwe imafuna mvula yotalika. N'chimodzimodzinso ndi thumba la feteleza lolembedwa 23:21:0+4S, lomwe mlimi amaliwerenga chigawo chilichonse pachokha. Nzeru yomweyi ndiyo ikufunika pa foni, koma anthu akumaisiya kunyumba tsiku lomwe anyamula ndalama za chaka chonse.

Titenge mafoni a Samsung a mtundu wa Galaxy A, chifukwa ndi omwe apweteketsa anthu ambiri m'dera langa. Kuyambira mu 2019, dzina la foni za mtunduwu limakhala ndi chilembo A ndi manambala awiri, ndipo manambala awiriwo amanena zinthu ziwiri zosiyana. Nambala yoyamba imanena za gulu la foniyo, kutanthauza kuti 0 ndi gulu lotsika mtengo kwambiri, 1 ndi lotsatira, ndipo gulu limanka likwera nambalayo ikamakwera. Nambala yachiwiri ndiyo imanena za m'badwo, ndipo ndi imeneyi yomwe imakuuzani zaka za foniyo. A10, A50 ndi A70 zonse ndi za m'badwo umodzi wa 2019 ngakhale kuti mitengo yake idali yosiyana kwambiri. A51 ndi ya m'badwo wa 2020, A52 ya 2021, A53 ya 2022, A54 ya 2023 ndipo A55 ya 2024. Mukaphatikiza nambala yomalizayo ndi 2019 mumapeza chaka cha foniyo, kapena mumaphonya ndi miyezi yochepa chabe, popeza mafoni ena amatulutsidwa kumapeto kwa chaka cham'mbuyo, monga A16 yomwe idatuluka kumapeto kwa 2024. Izi zikutanthauza kuti A16 ndi yatsopano kuposa A70 ndi zaka zoposa zisanu, ngakhale kuti 70 ndi yochuluka kuposa 16. Tiwonjezere kuti gulu la 7 lidathera pa A73 ya 2022, choncho foni iliyonse ya Galaxy A yoyamba ndi 7 siingakhale yatsopano kuposa chaka chimenecho, ngakhale wogulitsa atalumbira motani.

Mwezi watha bambo wina wa kalabu ina ya kuno ku Kasungu adandiimitsa pa msewu ndikuchokera kumunda wachitsanzo. Bamboyu ndi mlimi wolimbikira yemwe amasunga kaundula wa kalabu yawo mwaukhondo, ndipo ndi munthu amene sindimayembekezera kuti angagwe mu msampha wotere. Adatulutsa foni m'thumba la malaya n'kunena kuti, "Alangizi, tandionereni foniyi, ndangoigula kumene koma ikafika 12 koloko masana moto watha." Nditaiyang'ana ndidapeza kuti ndi A70. Ndidawafunsa kuti, "Bambo, munaisankha bwanji imeneyi pakati pa zonse zomwe zinali pamenepo?" Adandifotokozera kuti pa thebulo padali A15 ya m'katoni yosatsegula ndi A70 yopanda katoni, mitengo yake yosasiyana kwenikweni, ndipo mnyamata wogulitsayo adangowafunsa kuti pakati pa 15 ndi 70 yaikulu ndi iti. "Ndinaona kuti ndachita mwayi, Alangizi, chifukwa ndinkati ndapeza yapamwamba pa mtengo wa yotsika," adatero bamboyo. Ndalama zomwe adapereka zidali za matumba angapo a soya, ndipo sadalandire lisiti. Atabwerera ku tauni patatha masiku anayi, mnyamatayo sadampezenso pamalo paja.

Ndiyenera kunena mwachilungamo kuti A70 siidali foni yachabechabe pa nthawi yake. Mu 2019 idali ya gulu lapamwamba ndithu pakati pa ma Galaxy A, yokhala ndi galasi lalikulu lowala bwino komanso batire lalikulu. Koma foni ya 2019 yomwe ikugulitsidwa lero yopanda katoni ndi foni yomwe yadutsa m'manja mwa anthu ena kwa zaka zingapo, ndipo batire la foni limafooka nthawi iliyonse yomwe latchajidwa mpaka kufika poti silisunganso moto. Kwa munthu wa m'tauni yemwe ali ndi magetsi m'nyumba, batire lofooka ndi chosowetsa mtendere chabe, koma kwa mlimi yemwe amatchajitsa foni pa sola ya mnzake kapena amalipira pa malo otchajira ku sitolo, ndi ndalama yotuluka tsiku ndi tsiku, ndipo foniyo imakhala yozima pa nthawi yomwe wogula mbewu akuimba kuti galimoto yafika.

Kutayika kwina sikuoneka ndi maso, ndipo ndi komwe kumandidetsa nkhawa kwambiri. Kampani yopanga foni imatumiza zokonza za chitetezo kudzera pa intaneti kwa zaka zowerengeka zokha, kenako imasiya. A70 idatuluka ndi pulogalamu yoyendetsa foni ya Android 9 ndipo idalekera pa Android 11, pamene A16 idatuluka ndi lonjezo lolandira zokonzazi kwa zaka 6. Foni yomwe yasiya kulandira zokonza imagwirabe ntchito, koma pang'ono ndi pang'ono mapulogalamu amayamba kuikana. WhatsApp idasiya kugwira pa mafoni a Android yochepera 5.0 mu Okutobala 2023, ndipo malire oterewa amakwezedwa pakapita nthawi. Mlimi yemwe wagula foni yakale wagula zaka zochepa zoigwiritsa ntchito pa mtengo wa zaka zambiri, ndipo ndi m'foni yomweyo momwe akusungamo ndalama za kalabu. Tikakumbukira kuti ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo katundu yense wochokera kunja adakwera mtengo, tiona kuti banja la kumudzi silingakwanitse kugula foni kawiri m'chaka chimodzi.

Apa ndiye pamene ndimalephera kuugwira mtima. Takhala tikunena kwa zaka zambiri pa nkhani ya mbewu ndi mankhwala kuti musagule katundu wopanda chizindikiro, musagule kwa munthu yemwe mawa simudzam'peza, ndipo muzifuna lisiti, koma chizolowezi chogula ndi maso chikukanirirabe. Anthu amatenga foni m'manja, kuiyesa kulemera kwake, kuwerenga timaso ta kamera kumbuyo, n'kufunsa ngati ikulira mokweza, ngati kuti akusankha mbuzi pa msika wa ziweto. Ena amachita manyazi kufunsa pamaso pa wogulitsa poopa kuoneka osadziwa, ndipo amalolera kutaya ndalama za thukuta lawo kusiyana n'kunena kuti, "Dikirani kaye ndifunse mwana wanga." Enanso adakali ndi maganizo akuti foni iliyonse yomwe yabwera ndi wachibale kuchokera ku Joni ndi yatsopano. Mpaka lero ndimakumana ndi anthu omwe akufunafuna Galaxy J7 chifukwa mnzawo adali nayo ndipo idakhalitsa, osadziwa kuti mtundu wa J udasiya kupangidwa mu 2019.

Ndiyeneranso kuchenjeza kuti lamulo la manambala awiri lija ndi la Galaxy A, ndipo simungalitenge n'kukaligwiritsa ntchito paliponse. Ngakhale m'kati mwa Samsung momwemo, mtundu wa Galaxy S, womwe ndi wodula kwambiri, umawerengedwa mosiyana: S10 ya 2019 idatsatiridwa ndi S20 mu 2020, ndipo kuyambira pamenepo nambalayo ndi chaka chenicheni, moti S23 ndi ya 2023. Mafoni a Tecno, omwe pamodzi ndi Itel ndi Infinix amapangidwa ndi kampani ya Transsion ya ku China ndipo ndi ochuluka zedi m'midzi mwathu, amaonetsa gulu ndi dzina osati nambala. Pop ndi gulu lotsika, Spark ndi lotsatira, Camon ndi la omwe amafuna kamera yabwino, ndipo Phantom ndi lapamwamba. Nambala yomwe imabwera pambuyo pa dzinalo imangokuuzani m'badwo wa m'banja limenelo lokha, choncho Spark 10 ya 2023 ndi yatsopano kuposa Camon 17 ya 2021, ndipo Pop 8 ndi yatsopano kwambiri kuposa Camon 12 ya 2019. Kudumpha kwa manambala kusakunyengeninso, chifukwa Spark 10 idatsatiridwa ndi Spark 20 kenako Spark 30 m'miyezi yosakwana 24, ndipo izi sizikutanthauza kuti pakati pake padadutsa mibadwo khumi.

Tizilembo tomwe timakhala kumapeto kwa dzina ndi tomwe anthu amatinyalanyaza kwambiri, chonsecho timasintha mtengo. Spark 10C ndi yotsika kuposa Spark 10, pamene Spark 10 Pro ndi yokwera kuposa zonse ziwirizo, ndipo mawu monga Go, Core kapena Lite nthawi zambiri amatanthauza kuti foniyo yachepetsedwa mphamvu kuti itsike mtengo. Ndaona mlimi atalipira mtengo wa Pro n'kupita kunyumba ndi ya C chifukwa manambala adali ofanana. Pa katoni pamalembedwanso kukula kwa RAM, gawo lomwe limathandiza foni kuyendetsa mapulogalamu mofulumira, ndipo mukaona 4GB+4GB musawerenge kuti ndi 8GB yeniyeni, chifukwa 4 yachiwiriyo ndi yobwereka kuchokera pa malo osungira zinthu ndipo siithamanga ngati yoyambayo. Vuto lomweli limabweranso galasi likasweka. Mlimi amatuma mwana ku tauni kuti akagule galasi la "Spark" kapena la "Samsung A", mwanayo n'kubwera ndi losakwanira, ndipo ndalama ya galasi ndi ya ulendo zonse zimalowa m'madzi.

Pa zoyenera kuchita ndinena mwachidule, popeza zambiri n'zodziwika kale. Musanapereke ndalama, yatsani foniyo, lowani mu Settings n'kupita pa About phone, ndipo muwerenge dzina lonse ndi nambala ya fakitale. Pa Samsung nambalayi imayamba ndi SM, monga SM-A165 ya A16 ya 4G ndi SM-A166 ya A16 ya 5G, ndipo palibe chifukwa cholipirira 5G ngati netiweki imeneyo siidafike kwanuko. Imbani *#06# kuti nambala ya IMEI, yomwe imazindikiritsa foni iliyonse payokha, ituluke, ndipo muione ngati ikufanana ndi yomwe ili pa katoni. Yerekezani mafoni a banja limodzi okhaokha, A ndi A inzake kapena Spark ndi Spark inzake, ndipo funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti foniyo idatuluka chaka chanji. Ngati mwasankha dala kugula yogwiritsidwa kale ntchito, mtengo wake ukhale wa foni yakale ndipo muikiretu padera ndalama ya batire. Lisiti likhale ndi dzina lonse la foni ndi IMEI yake, ndipo dzina lomwelo mulilembenso mu kaundula wa kalabu kuti tsiku lofuna galasi kapena kava mudzakhale ndi poyang'ana. Amene mukukonzekera kugula mukalandira ndalama za fodya wotsala, bwerani ndi mayina a mafoni omwe mwaona ku msonkhano wa kalabu wa mwezi uno kuti tidzawerengere limodzi musanakwere galimoto.