Pezani kaye mwininkhani ndi mneni wake

Pa mayeso a Chingerezi ngati gawo la Chingerezi la ACT (mayeso olowera ku yunivesite ku America) pamabwera mafunso okonza ziganizo, ndipo ambirife timagwa nawo chifukwa chodalira khutu. Chikangomveka bwino, basi tasankha. Okonza mayeso amazidziwa zimenezi.

Msampha wawo waukulu ndi kuunjika mawu pakati pa mwininkhani ndi mneni. Taonani ichi: "The box of old letters are missing." Khutu limakakamira pa "letters" poti ndi amene ali pafupi, koma chasowa ndi bokosi, limodzi lokha, ndiye pakufunika "is". Ine ndimaphimba mawu apakatiwo ndi chala n'kuwerenga otsalawo. Cholakwika chimangodziulula chokha.

Chiganizo chikayamba ndi mawu ofotokoza kenako mpatuliro, dzina lobwera pambuyo pake liyenera kukhala la wochita ntchitoyo. "Walking home, the rain started." Inu, mvula inayamba liti kuyenda wapansi?

Mukaona "it" kapena "they", funsani kuti akuloza chiyani kwenikweni. Komanso yankho la "NO CHANGE" (loti chiganizo chisasinthidwe) musamaliope. Nthawi zina chiganizocho chimakhala kuti chili bwinobwino kale, ife n'kumangochikayikira.