Apongozi anagona m'chipatala koma sanalembedwe kuti agonekedwa

Apongozi anga atagwa m'bafa kuno ku America, anagona m'chipatala usiku umodzi, ndipo ine ndinkangoti agonekedwa basi. Mawa lake namwino anandipatsa pepala lotchedwa MOON, lonena kuti ali pa observation, kutanthauza kuti madokotala akungowayang'anira kaye asanasankhe kuwagoneka kapena kuwatulutsa. Kwa Medicare, inshulansi ya boma ya zaumoyo yothandiza okalamba, munthu wotere amawerengedwa ngati wodwala woyendera ngakhale ali pabedi. Ndalama zimachokera ku Part B, gawo la Medicare la odwala oyendera, ndipo wodwala amalipira 20 peresenti ya mtengo wa zithandizo zambiri.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kawirikawiri Medicare salipira malo a anamwino ophunzitsirako munthu kuyendanso (skilled nursing facility) pokhapokha atagonekedwa masiku 3 otsatizana, osawerengera tsiku lotuluka. Masiku a observation salowamo.

Sindinadikire tsiku lotuluka. Ndinapita kwa dokotala n'kuwafunsa mwaulemu kuti: “Adokotala, kodi mukuona kuti amayi akhala muno kupitirira mausiku awiri?” Atawayezanso, anapeza kuti mtima sukugunda bwino, ndipo analemba kuti agonekedwe. Usiku woyamba uja sunawerengedwe, koma anakhalanso masiku 3 akulandira chithandizo, kenako Part A, gawo la Medicare la odwala ogonekedwa, inalipira malo aja.