Mmene ndinapezera pepala lovotera la ku America ndili ku Lilongwe

Ndine nzika ya America, koma ndinabwerera kwathu kuno. Lamulo la MOVE Act la 2009 limati asilikali ndi nzika zokhala kunja azitumiziridwa pepala lovotera pasanatsale masiku ochepera 45 kuti chisankho chichitike. Anzanga analandira, ine zii.

Ndinatumizanso fomu ya FPCA, yolembetsera kuvota komanso yopemphera pepala lovotera uli kunja, kawiri pa imelo, ndinafufuza ngakhale mu spam, koma osaphula kanthu. Nditalembera ofesi ya zisankho ya dera lomwe ndinkakhala, anandiuza kuti fomu yanga inakanidwa pa zifukwa ziwiri.

Choyamba, sindinasaine ndi dzanja, ndinangotayipa dzina. Chachiwiri ndi chimene chimasokoneza ambiri: pa malo a adiresi yovotera ndinalemba ya ku Lilongwe. Pamenepo pamafunika adiresi yomaliza yomwe munakhalapo ku America, ngakhale nyumbayo munachokamo kalekale ndipo mukukhala anthu ena. Ndi imene imasonyeza dera lomwe voti yanu iwerengedwere. Ya kuno ili ndi malo akeake m'munsi mwake.

Ndinadzazanso fomu pa FVAP.gov, webusaiti ya boma la America yothandiza ovota okhala kunja, yomwe ndi yaulere, n'kusankha kuti pepala lovotera libwere pa imelo. Ndinaisindikiza pa malo ena m'tauni, n'kusaina ndi bolopeni, n'kuijambula bwino ndi foni. Ndalama inangopita pa kusindikizako.

Pepala linafika sabata yomweyo. Likanachedwa, ndikanavotera pa fomu ya FWAB, yomwe imalowa m'malo mwa pepala lovotera ngati silinafike. Tsopano FPCA ndimaitumiza Januwale aliyense, chifukwa sindifuna kuti voti yanga itayike.